Funsani za Magazi: Bwanji anamwino amafunsa dzina mobwerezabwereza asanamuike munthu magazi?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani yoikidwa magazi, ndiye ndasankhapo asanu. Kwa inu amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine clinical officer. Ntchito yanga pachipatala pomwe ndili ndi kulondoloza thumba la magazi kuchokera m'furiji ya ku labu mpaka litathera mumtsempha wa wodwala, n'kuonetsetsa kuti m'njira monsemo simunalakwike kanthu. Makalatawa ndawafupikitsa, mayina ndachotsa.

A Dokotala, mayi a kunyumba kwanga anataya magazi ambiri atangochira. Anatiuza kuti akufunika kuikidwa magazi koma tinadikira pafupifupi maola awiri. Magazi atafika, anamwino awiri anaima pabedi n'kumawerengerana mapepala, kumamufunsa dzina munthu woti akulephera n'kuyankhula komwe, chikhalirecho dzinalo lili pafayilo. Kodi kumeneku si kuseweretsa moyo wa munthu? Bambo wa ku Ntcheu

Bambo, pepani kwambiri ndi zomwe munadutsamo. Maola awiri uli chiimire pakhonde la wodi ya amayi, osadziwa zomwe zikuchitika mkatimo, si masewera. Koma anamwino awiri aja ndiwaikira kumbuyo ndi mtima wanga wonse, chifukwa pa zonse zomwe zinachitika tsiku limenelo, kamphindi komwe anaima pabedi paja ndi komwe kanateteza kwambiri moyo wa mayiwo.

Magazi a anthu ali m'magulu anayi akuluakulu: A, B, AB ndi O. Atatu mwa iwo, A, B ndi O, anawatulukira ndi Karl Landsteiner wa ku Vienna mu 1901, n'chifukwa chake tsiku lake lobadwa, 14 June, ndi lomwe dziko lonse lapansi limakumbukira anthu opereka magazi. Munthu wa gulu O akaikidwa magazi a gulu A, thupi lake silidikira mawa. Limayamba kuswa magaziwo nthawi yomweyo ali mumtsempha. BP imagwa, impso zimasiya kugwira ntchito, magazi amaleka kuundana, ndipo mayi amene amatayako kale magazi akhoza kutisiya tikuona. Sizilira kuti thumba lonse lithe. Masipuni ochepa chabe ndi okwanira kuyambitsa ngoziyo.

Tsono anthu ambiri amaganiza kuti ngozi yotereyi imachokera ku makina a ku labu. Kawirikawiri sichoncho. Ku Britain kuli bungwe lotchedwa SHOT lomwe lakhala likusonkhanitsa malipoti a zovuta za kuika magazi kuyambira mu 1996, ndipo chaka ndi chaka malipoti ochuluka amaonetsa chinthu chimodzimodzi: magazi anali abwinobwino, koma penapake munthu analakwitsa, monga kusokoneza dzina, botolo kapena wodwala. Kumeneko n'kumalo komwe wodwala aliyense amavala kachibangili ka dzina pamkono. Nanga kwathu kuno?

Kwathu kuno wodi imodzi imatha kukhala ndi a Phiri atatu ndi a Banda anayi. Mayi yemweyo buku la kuchipatala linalembedwa dzina la bambo ake omubereka, fayilo yalembedwa la amuna ake. Ena amabwera ndi buku la mchemwali wawo chifukwa lawo linanyowa ndi mvula. Agogo ambiri tsiku lobadwa salidziwa. Makanda a ku nazale sakhala ndi dzina, amangolembedwa kuti mwana wa auje, ndipo amapasa amakhala ndi dzina limodzi lomwelo. Nambala ya bedi ndiye musaikhulupirire n'komwe: wodwala wa pabedi 6 m'mawa, madzulo mumupeza ali pamatiresi pansi, pabedipo pagona wina wodwalitsitsa.

Palinso ulemu wathu uja. Mukamufunsa munthu wodwala kuti, "Ndinu Mayi Phiri eti?" ayankha kuti "Eee" ngakhale sanamve, poopa kutsutsana ndi adokotala. N'chifukwa chake ndimaumirira kwa namwino aliyense watsopano kuti funso likhale lakuti, "Dzina lanu ndani? Mumachokera mudzi uti?" kuti wodwalayo atchule yekha. Ngati sangathe kuyankhula, atchule gadiyani. Kenako anthu awiri amafananitsa dzinalo ndi la pafomu, nambala ya pathumba, gulu la magazi ndi tsiku lomwe magaziwo atha ntchito. Zonsezi zimachitikira pambali pa bedi, osati patebulo la anamwino. Sizitenga mphindi zitatu.

Za kudikira zija, nazi zomwe zimachitika. Wodwala amatengedwa magazi pang'ono m'kabotolo, kamene kayenera kulembedwa dzina pomwepo namwino asanasunthe phazi. Ku labu amayeza gulu, kenako amasakaniza magazi a wodwala ndi a m'thumba kuti aone ngati akugwirizana. Timati crossmatch, ndipo ikachitika mokwanira imatenga pafupifupi ola. Koma ngati mayi akutaya magazi koopsa, dokotala ali ndi mphamvu youza a ku labu kuti atulutse a gulu O popanda kudikira zonsezo, ndipo amatuluka m'mphindi zochepa. Ngati sanatero ndi mayi a kwanu, mwina anaona kuti madiripu ndi mankhwala olimbitsa chiberekero agwira ntchito moti nthawi yoyeza bwinobwino ilipo.

Sindikunena kuti kuchedwa kulikonse kuli ndi chifukwa chomveka. Nthawi zina fomu imaiwalika m'thumba la yunifomu. Nthawi zina furiji imakhala yopanda kanthu, makamaka m'miyezi ya December ndi January pomwe sukulu zatsekera, popeza magazi ambiri m'dziko muno amachokera kwa ophunzira, komanso ndi nthawi yomwe malungo amakhala atavuta. Zikatere muli ndi ufulu wonse wofunsa kuti, "Tikudikira chiyani? Botolo lapita ku labu?" Funsani mwaulemu koma funsani ndithu. Chokhacho chomwe ndikukupemphani, musamufulumizitse namwino amene akuwerenga thumba.

Mchimwene wanga anadzipereka kuti andipatse magazi ake pa opaleshoni, koma anakana n'kundiika a munthu wosamudziwa. Ine mtima sunakhale m'malo mpaka lero. Magazi a m'bale wako si ndiye abwino? Mayi wa ku Kasungu

Amayi, khazikani mtima pansi, anakuchitirani zabwino. Poyamba, kubadwa bere limodzi sikutanthauza kuti gulu la magazi ndi limodzi. Ana a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi wina amatha kukhala A, wina O.

Chachiwiri ndi chomwe anthu sakonda kumva. Thumba lililonse limayezedwa HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, komanso chindoko. Koma munthu akangotenga kumene kachilombo, pamakhala masiku angapo pomwe makina sangakaone. Chomwe chimatseka mpata umenewu ndi mafunso aja amafunsidwa munthu asanapereke magazi, okhudza umoyo wake ndi za m'nyumba zomwe. Ndiye taganizirani mchimwene amene akufunsidwa mafunso amenewo, panja pali mayi ake, alamu ake ndi amalume akudikira kuti apulumutse mlongo wake. Ngati ali ndi kena kake kokayikitsa, anena? Akatuluka osapereka, akawauza chiyani abale? Pomwe munthu wongodzipereka yekha, amene amabwera mobwerezabwereza popanda womukakamiza kapena womulipira, alibe chifukwa chobisira kanthu, ndipo magazi ake akhala akuyezedwa ulendo uliwonse. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service (MBTS), lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi malo ake ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, linabwera kuti magazi a m'zipatala azichokera kwa anthu otere.

Pali zinanso ziwiri. Magazi a wachibale weniweni nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amafanana kwambiri ndi a wodwala moti thupi siliwazindikira asilikali a m'magazi obwerawo kuti ndi achilendo. Iwo amakhazikika n'kuyamba kulimbana ndi thupi la wodwalayo, ndipo vuto limeneli likayamba ambiri sapulumuka. Komanso mwamuna sayenera kupereka magazi ake kwa mkazi wake amene akadali pa msinkhu wobereka, chifukwa thupi la mayiyo likhoza kupanga chitetezo chomwe chingadzavutitse mwana m'mimba pa pathupi potsatira.

Izi sizikutanthauza kuti abale azikana akapemphedwa. M'zipatala za m'maboma magazi akatha amapempha achibale kuti apereke, ndipo magaziwo amayezedwa kaye monga ena onse. Pitani, koma kayankheni mafunso moona. Chomwe ndimadana nacho kotheratu ndi kulemba ganyu munthu wapageti kuti akanamizire kukhala msuweni. Amene wabwerera ndalama sanganene zoona za umoyo wake.

Mdzukulu wanga wa zaka zitatu anadwala malungo mpaka manja kuyera. Atangoyamba kumuika magazi anayamba kunjenjemera, anamwino n'kutseka. Mnzanga wa bedi loyandikana anati magaziwo anali ozizira, ndikanawafungatira kaye m'khwapa kapena kuwaviika m'madzi otentha. Kodi ndinalakwitsa? Agogo a ku Salima

Agogo, simunalakwitse kalikonse, ndipo amene anathamanga kukaitana anamwino, kaya ndinu, anachita bwino zedi. Mnzanuyo ananena ndi mtima wabwino koma malangizo akewo ndi oopsa. Madzi otentha amaphika magazi ali m'thumba momwemo, ndipo magazi oswekawo akalowa m'thupi amavulaza impso. Kuwafungatira kapena kuwaika padzuwa pawindo kumangopatsa mpata tizilombo kuti tiswane. Magazi amasungidwa pa madigiri apakati pa 2 ndi 6. Akatuluka m'furiji ayenera kuyamba kulowa pasanathe mphindi 30, ndipo thumba lithe pasanadutse maola anayi. Akamatsika pang'onopang'ono m'kachingwe kaja amafunda okha. Pakafunika kuwatenthetsa, pali makina ake.

Kunjenjemera kuli ndi zifukwa zingapo. Mwina ndi malungo omwewo. Mwina ndi thupi kungodabwa ndi magazi achilendo, zomwe zimachitika ndipo zimatha ndi panado. Koma mwinanso ndi chiyambi cha ngozi ndafotokoza kwa bambo a ku Ntcheu ija, kapena magazi olowa tizilombo. Poyambirira zonsezi zimaoneka zofanana, ndiye lamulo ndi limodzi: tseka kaye, unika wodwala, werenganso dzina ndi thumba, itana dokotala. Kutseka sikutanthauza kuti magazi anali oipa.

Mphindi 15 zoyambirira ndi zomwe timaziopa kwambiri. Namwino ayenera kuyeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe asanayambe, n'kudzayezanso mphindizo zikakwana. Koma tinene zoona, usiku namwino mmodzi amatha kukhala ndi wodi yonse ya ana. Maso amene sachoka pa mwanayo ndi anu a gadiyani. Ndiye mukaona thupi latentha mwadzidzidzi, kunjenjemera, zidzolo kapena kuyabwa, nkhope kutupa, kubanika, mwana kulira mosatonthozeka, wamkulu kudandaula msana kapena chifuwa, kapenanso mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire kuti anamwino adutse. Kuwani. Palibe namwino wodziwa ntchito yake amene angakukalipireni pa chimenecho.

China chomwe ndimachiona m'mawodi: gadiyani kutsegulira kagudumu ka pachingwe kuti magazi athe msanga, mwana ayamwe bwino kapena agone. Chonde musakhudze. Mwana amene magazi ake achepa kwambiri mtima wake umakhala utatopa kale. Mukamuthira magazi mothamanga, madzi amadzadza m'mapapo, mwana n'kubanika. Muyezo wake timawerengera kulemera kwa mwanayo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa TRACT, yemwe anachitikira ku Uganda ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti ngakhale kutentha thupi kumene kumasintha muyezo woyenera: ana osatentha thupi anathandizika kwambiri ndi mamililita 30 pa kilogalamu, pomwe otentha thupi zinawayendera bwino ndi 20. Ngati kusiyana kochepa choncho kuli ndi kanthu pa moyo wa mwana, mukuona nokha kuti kagudumu kaja si kosewera nako.

Kodi n'zoona kuti ukaikidwa magazi a munthu wakuba kapena chidakwa nawenso umatengera? Nanga magazi timapereka ulere aja sagulitsidwa kunja? Mnyamata wa ku Mulanje

Ayi achimwene, khalidwe siliyenda m'magazi. Magazi ofiira amene waikidwa amagwira ntchito yonyamula mpweya kwa masabata angapo, kenako thupi limawachotsa n'kutsala ako okha.

Zogulitsa kunja, ine ndimakhala pa foni masiku ambiri kupempha thumba limodzi lokha la mayi amene ali m'fiyeta. Magazi satikwanira n'komwe. Ndalama zomwe zipatala zolipira zimatchula ndi za thumba, mankhwala oyezera ndi kusunga. Kwanuko simunaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, momwe anthu osalakwa anaphedwera ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Mantha otere amakathera pa mwana wa malungo amene wafika kuchipatala furiji ili gwa, mopanda kanthu. Mukakayika, pitani mukaone ndi maso momwe amatengera. Thumba limodzi ndi mamililita pafupifupi 450, mwa malita pafupifupi asanu omwe munthu wamkulu ali nawo.

Ndili Fomu 4 ndipo ndimafuna kudzagwira ntchito ngati yanuyi. Ndiyambire pati, ndipo tsiku lanu limayenda bwanji? Mtsikana wa ku Zomba

Mwanawe, kalata yako yandisangalatsa. Limbikira Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Palibe kozi ya pambuyo pa MSCE yomwe ungalowe n'kutuluka uli katswiri wa chitetezo cha magazi. Umayamba wakhala namwino, clinical officer, dokotala kapena wa ku labu, kudzera m'masukulu monga Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences kapena Malamulo, n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi kapena ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Ukatero gwira kaye ntchito m'wodi. Ine ndingakulangize wodi ya amayi oyembekezera ndi ya ana, chifukwa kumeneko ndi komwe magazi ambiri amathera. Maphunziro apadera a za magazi amabwera pambuyo, ndipo amamveka bwino kwa munthu amene anaimapo pabedi usiku pakati ali ndi thumba m'manja.

Tsiku langa limayambira ku labu. Ndimaona tchati cha furiji, ngati kuzizira sikunasinthe usiku magetsi atathima, komanso kuti tatsala ndi matumba angati a gulu lililonse. Ndimaona omwe akuyandikira kutha ntchito, poti magazi ofiira amakhala masiku 35 mpaka 42 kutengera mankhwala a m'thumbamo, pomwe ma platelets, omwe amathandiza magazi kuundana, amangokhala masiku asanu okha ndipo salowa m'furiji. Kenako ndimatenga mndandanda wa matumba onse omwe anatuluka dzulo n'kuyamba kuwalondola m'mawodi limodzilimodzi. Linafika kwa mwini wake? Anasaina anthu awiri? Linayamba nthawi yanji, linatha nthawi yanji? Wodwala anayezedwa pa mphindi 15 zija? Ngati linabwezedwa, linakhala panja nthawi yaitali bwanji?

Gawo lina ndi kukambirana ndi madokotala anzanga ngati wodwala akufunikadi magazi. Apa pamafunika kulimba mtima, chifukwa nthawi zina amene ukumufunsayo ndi wamkulu kwa iwe. Mayi woyenda yekha, wosabanika, amene Hb yake (muyezo wosonyeza ngati magazi achepa m'thupi) yatsika pang'onopang'ono chifukwa chosowa ayironi, amafunika mapiritsi, chakudya ndi kufufuza chomwe chikumudya magazi. Kumuika thumba n'kumuika pa chiopsezo chosafunikira, komanso n'kulanda mwana amene afike usiku ndi Hb ya pansi pa 4. Pamakhalanso kuonetsetsa kuti mayi wa gulu la Rh negative (kagawidwe kena ka magazi, kapadera pa A, B, AB ndi O), lomwe ndi losowa pakati pathu, wadziwika msanga ku sikelo ndipo walandira jakisoni wa anti-D, woteteza ana amene adzabereke m'tsogolo, pa nthawi yake. Pamakhala ana a sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, amene amaikidwa magazi kawirikawiri moti kuwapezera ogwirizana nawo kumanka kuvuta. Pamakhala odwala okana magazi chifukwa cha chikhulupiriro, monga a Mboni za Yehova, omwe timakhala nawo pansi mwaulemu n'kukonzekera njira zina opaleshoni isanafike.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi si magazi ayi, ndi kuchititsa anthu kuti azinena pakalakwika. Tiyerekeze namwino wazindikira pabedi kuti thumba lomwe wanyamula ndi la wodwala wina, walibweza, palibe wavulala. Mtima wake umamuuza kuti akhale chete, kuopa kukalipiridwa. Koma ine lipoti limenelo ndi lomwe ndimalifuna kuposa ena onse, chifukwa limandionetsa pomwe pali dzenje munthu asanagweremo. Mwina mafomu awiri anapanidwa pamodzi. Mwina wotumidwa ku labu anangouzidwa pakamwa kuti "katenge magazi a Banda". Tikakhala pa komiti yoona za magazi ya pachipatala, funso langa limakhala lakuti zinatheka bwanji, osati analakwa ndani. Mukamulalatira namwino mmodzi pagulu, mawodi onse amatseka pakamwa chaka chathunthu, zolakwikazo n'kumapitirira mobisika. Tsono ngati uli ndi mtima wapachala, yamba kuuphunzitsa kudekha panopa.

Usayembekezere kuti odwala azidzakudziwa. Ntchitoyi ikayenda bwino palibe chimachitika, munthu amangotuluka m'chipatala n'kukathokoza amene anamupanga opaleshoni. Mapepala ndi ambiri, kuphunzitsa n'kobwerezabwereza chifukwa ophunzira atsopano amabwera nthawi zonse, ndipo foni imalira ngakhale Lamulungu. Koma ine sindingaisinthanitse ndi ina.

Poti zaka 16 uyenera kuti unakwanitsa, a MBTS akadzabwera pasukulu panu ukayezetse ngati ungathe kupereka. Uli pampando paja usatseke maso. Uone momwe amamatira nambala imodzimodzi pa fomu yako, pa thumba ndi pa timabotolo toyezera, ndipo uwafunse chomwe amachita nambala imodzi ikasiyana ndi zinzake. Mayeso akatuluka undilemberenso, tidzaone pamodzi kozi yomwe mapointi ako akulola.